Kudziwa, kukhulupirira ndi chikhulupiriro: tiyese ndi thumba la mtedza

Mvula ikayandikira, mlimi wa kwa Mkanda ku Mchinji amatulutsa mtedza wa CG7 womwe anasunga n'kunena kuti, "Mbewu iyi imera." Kodi akudziwa, kapena akungokhulupirira? Maphunziro a filosofi, omwe ndi kuganiza mozama za choonadi ndi moyo, amayambira pa funso ngati limeneli.

Kukhulupirira n'kuvomereza mumtima kuti nkhani ndi yoona. Ungaimve kwa agogo, pa wailesi kapena pa WhatsApp. Vuto lake n'lakuti wokhulupirira zoona ndi wokhulupirira zabodza onse mtima wawo umakhala m'malo. Kuti tinene kuti munthu akudziwa pafunika zinthu zitatu pamodzi: iye avomereze, nkhaniyo ikhale yoonadi, ndipo akhale ndi umboni woti angaonetse mnzake. Katswiri wa filosofi, Plato wa ku Greece, anakambirana kale zimenezi zaka zoposa 2,300 zapitazo.

Umboni wa mbewu umapezeka poiyesa. Tapani njere 100, zina pamwamba pa thumba, zina pakati, zina pansi. Bzalani mizere 10 ya njere 10, kuya kwake masentimita 5, muzithirira kuti dothi likhale lachinyezi, kenako muwerenge zomera pakatha masiku 7 mpaka 10. Zikamera 85 kapena kuposa, mbewuyo ndi yabwino. Zikamera 60, funani ina. Ambiri amalakwitsa posankha njere zonenepa zokhazokha, ndiye yankho limanena za njere zosankhidwazo, osati za thumba lonse. Ena amayesa njere 10 zokha, moti ziwiri zikadyedwa ndi chiswe chiwerengero chonse chasokonekera. Madzi akachuluka mtedza umawola, mlimi n'kutaya mbewu yabwinobwino. Ndipo zomwe mwadziwazo zili ndi malire: ndi za thumba limenelo, mwezi umenewo. Mtedza woswa kale ukakhalitsa pamalo otentha, mphamvu yomera imatsika.

Komatu zinthu zitatu zija nazo zimaperewera. Mu 1963, katswiri wina wa filosofi, Edmund Gettier wa ku America, analemba pepala la masamba atatu okha losonyeza kuti munthu angakhale nazo zonse koma osadziwa. Tiyerekeze kuti sikelo ya pamsika yafa, muvi wake unaima pa makilogalamu 50. Mwakweza thumba lanu, muvi uli pa 50, ndipo mwamwayi thumbalo likulemeradi 50. Mwavomereza, n'zoona, umboni mwauona ndi maso. Koma mukanakweza la 43 sikeloyo ikananena zomwezo. Apa palibe kudziwa, pali mwayi. N'chifukwa chake chida choyezera chiyenera kuyamba chayesedwa chokha, mwina pokwezapo paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi.

Chikhulupiriro cha mwa Mulungu ndi nkhani ina, ndipo amalakwa amene amachitcha kudziwa koperewera. Pa Ahebri 11:1 chimalumikizidwa ndi zinthu zoyembekezeka ndi zosaoneka, ndipo Asilamu nawonso amaphunzitsa kukhulupirira zobisika. Munthu sangovomereza kuti Mulungu alipo, amatsamira pa Iye ndi moyo wake wonse. Palibe njere 100 zoti uwerenge. Wofuna kutsimikiza kapena kutsutsa za Mulungu ndi zida za mu labu wasokera funso.

Ngozi yeniyeni imabwera chikhulupiriro chikaikidwa pamalo pamene njira yoyezera ilipo. Mwana watentha thupi, agogo akuti ndi malungo, achimwene akuti am'lodza, amayi akuti tingopemphera. Awiri oyambawo akungokhulupirira zinthu zomwe dontho la magazi lingayankheko. Kupemphera sikuletsa kupita kuchipatala, kumene kachipangizo koyezera malungo kamatulutsa zotsatira m'mphindi 15 mpaka 20. Kakasonyeza mizere iwiri, mwana ayambe mankhwala a malungo a LA tsiku lomwelo ndipo amalize masiku atatu onse. Kakasonyeza mzere umodzi wokha, adokotala afufuze matenda ena otenthetsa thupi monga chibayo.