Nsomba za m'nyanja yathu mu SQLite: pomwe ndafika

Mndandanda wanga wa nsomba tsopano wachoka mu Excel. Uli mu database ya SQLite, nkhokwe ya deta yomwe imakhala mu fayilo imodzi, ndipo ndikutha kuufunsa mafunso pa terminal (zenera lolembapo malamulo pa kompyuta) popanda intaneti. Chilembereni komaliza, chachikulu chomwe chachitika ndi chimenechi.

Kwa amene simukudziwa chomwe ndikupanga: ndimakhala kuno ku Nkhotakota, ndipo ndikaweruka kuntchito ndimasonkhanitsa mayina a nsomba monga momwe asodzi ndi amayi ogulitsa nsomba amazitchulira, n'kumawalumikiza ndi mitundu yomwe akatswiri a sayansi analemba. Ndikuzimanga ngati ontology, ndiye kuti si mayina okha ayi, koma ndi ubale wake womwe: iyi ndi mtundu wa ija, iyi imaswana m'malo akuti, iyi imagwidwa ndi chida chakuti.

Zonse zimayambira pa fayilo ya CSV, tebulo wamba la mizere ndi madanga, chifukwa ndiyo yosavuta kukonza. ROBOT, pulogalamu ya Java yomwe anthu a OBO Foundry, gulu lomanga ma ontology a sayansi ya zamoyo, amagwiritsa ntchito, ili ndi lamulo loti robot template. Mzere woyamba wa fayilo umakhala mitu yowerenga munthu, wachiwiri umauza ROBOT tanthauzo la danga lililonse. Ukalemba SC % ndiye kuti dangalo likunena kholo la chinthucho. Ukalemba AL rdfs:label@ny ndiye kuti ndi dzina la m'Chichewa, poti ny ndiye chizindikiro cha chinenero chathu. Chiyao ndi yao, Chitonga cha kuno kunyanja ndi tog, ndipo madanga awiri amenewa ndawatsegula kale ngakhale akadali ndi mipata yambiri. Chotuluka chake ndi fayilo ya OWL, ndondomeko yolembera ma ontology yomwe W3C, bungwe loika miyezo ya pa webu, linavomereza mu 2004 n'kudzaikonzanso mu 2009. Protégé, pulogalamu yoonera ndi kukonzera ma ontology, ndimaitsegula apo ndi apo kuti ndione mtengo wonse wa mayina ndi nthambi zake ndi maso, koma sindilemberamo kanthu.

Chomwe chandidyera nthawi yambiri si mapulogalamu, ndi chambo.

Usipa ndi wosavuta: Engraulicypris sardella, basi. Kampango ndi Bagrus meridionalis, mpasa ndi Opsaridium microlepis. Mayina otere ndimangowaika ngati hasExactSynonym, kutanthauza dzina lofanana ndendende, pa mtundu wake. Koma chambo chomwe timagula pa dziwe la Chia si mtundu umodzi. Dzinali likuphimba Oreochromis karongae, Oreochromis squamipinnis ndi Oreochromis lidole, mitundu itatu yomwe IUCN, bungwe loona za kuteteza zachilengedwe padziko lonse, mu 2018 inaiika m'gulu la zamoyo zomwe zili pafupi kwambiri kutheratu. Oreochromis shiranus ndi wa fuko lomwelo, koma palibe mayi wa pamsika angakugulitse makumba n'kukuuza kuti ndi chambo. Ndiye sungati chambo ndi Oreochromis yense, komanso sungati ndi mtundu umodzi. Utaka nawo ndi khamu la mitundu, yambiri ya Copadichromis. Mcheni ndi mitundu ingapo ya Rhamphochromis.

Kenako pali kasawala ndi bonya. Ndinawafunsa amalume anga, omwe akhala akupalasa bwato kuyambira ndisanabadwe, kuti, "Amalume, kodi kasawala ndi nsomba ina kapena ndi chambo chomwecho?" Anandiyankha kuti ndi chambo chomwe sichinakule, monganso bonya ali usipa waung'ono, ndipo kuti wogula aliyense amadziwa kusiyana kwake chifukwa mtengo wake ndi wina. Apa ndi pomwe ndinaganiza zomanga mitengo iwiri yosiyana ya mayina. Umodzi ndi wa asayansi, ndipo sindiugwira, ndimangobwereka. Wina ndi wa magulu a kuno kwathu, momwe chambo, utaka, kambuzi, kasawala ndi bonya zili ndi nambala yakeyake. Pakati pake ndaikapo maubale awiri: "limaphimba mtundu" ndi "ndi msinkhu waung'ono wa". Ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti njira imeneyi ndiyo yachilungamo. Kukakamiza dzina la msodzi kuti lilowe pansi pa dzina la Chilatini kumataya zomwe msodziyo akudziwa, pamene zimenezo ndizo ndinayambira ntchitoyi.

Kuti magulu a msinkhu ndi mitundu asasakanikirane, ndinalemba kuti gulu la msinkhu silingakhalenso mtundu wa zamoyo. Ndinayesa dala kuika kasawala mbali zonse ziwiri, ndipo robot reason, pogwiritsa ntchito ELK, pulogalamu yofufuza ngati zolembedwazo zikugwirizana, inaima n'kundionetsa pomwe pali kutsutsana. Ndinakondwa kwabasi. Palinso robot report yomwe imatulutsa mndandanda wa zoperewera m'magawo a ERROR, WARN ndi INFO. Panopa zambiri zomwe ikundikumbutsa ndi matanthauzo omwe sindinalembe.

Mtengo wa asayansi ndikuutenga ku NCBITaxon, ontology ya mayina asayansi a zamoyo. Imeneyi ndi chimphona, ili ndi magulu oposa 2 miliyoni, ndipo robot extract imafuna kuikweza yonse m'memory isanadule kagawo komwe ukufuna. Laputopu yanga ya 8 GB imapuma movutikira ngakhale nditakweza malire ndi ROBOT_JAVA_ARGS. Chondipulumutsa ndi Ontology Access Kit, ya Python, yomwe imaikidwa ndi pip install oaklib. Ukalemba runoak -i sqlite:obo:ncbitaxon, imakoka database yomangidwa kale n'kuisunga pa kompyuta, moti umalipira bandulo kamodzi kokha. Ndinadikira bandulo ya usiku. Kuchokera pamenepo search Oreochromis kapena ancestors zimayankha popanda netiweki, chifukwa SQLite imawerenga pa disiki mizere yokhayo yomwe yafunsidwa. Pa malo okhala nsomba ndikubwereka ku ENVO, ontology ya malo achilengedwe, momwe nyanja ndi ENVO:00000020, ndipo iyo ndi yaing'ono, siivuta.

Kusandutsa OWL yanga kukhala database ndi ntchito ya semsql make. Kumbuyo kwake kuli zida ziwiri. Choyamba ndi rdftab, yolembedwa mu Rust, yomwe imatsanulira chiganizo chilichonse mu tebulo lotchedwa statements, lokhala ndi madanga ngati subject, predicate, object, value ndi language. Chachiwiri ndi relation-graph, yomwe imawerengeratu maubale onse obisika n'kuwaika mu entailed_edge. Tebulo limeneli ndiye landikopa mtima. Ngati lidole ali pansi pa Oreochromis, ndipo Oreochromis ali pansi pa banja la Cichlidae, mzere woti lidole ndi Cichlidae umakhala utalembedwa kale. Zili ngati mayi amene wasinjiratu ufa wa mwezi wonse, pophika amangotapa. Kale funso lotere ndimalilemba ndi WITH RECURSIVE, yomwe SQLite ili nayo kuyambira 2014, ndipo limagwira, koma linali lalitali. Lero ndi SELECT wamba.

Apache Jena, njira ina yosungira ndi kufunsa deta yotere, ndinailawanso: tdb2.tdbloader yolowetsera deta, kenako seva ya Fuseki pa port 3030, mafunso m'chinenero cha SPARQL. Ndi yabwino, ndipo amene akufuna kutumikira anthu ambiri pa intaneti apite kumeneko. Ine ndaisiya. Kuno magetsi amapita osatsanzika, ndipo ndimafuna fayilo imodzi yoti ndiike pa flash kapena ndimutumizire mnzanga wa ku Senga Bay pa WhatsApp, iye n'kuitsegula ndi sqlite3 osaika seva ina iliyonse. Njira yonse, kuchoka pa CSV mpaka pa database, ndaiika mu Makefile, fayilo yondandalika masitepe onse, moti batire likatha pakatikati ndimangolembanso make.

Funso loyamba lenileni lomwe ndaifunsa database ndi ili: ndi nsomba ziti zomwe zimakhala m'nyanja koma zimakwera mitsinje kukaswana? Yandibwezera mpasa, sanjika ndi ntchila, iliyonse ndi dzina lake la m'Chichewa pambali pa la Chilatini. Mpasa ndayilumikiza ndi Bua, mtsinje wodutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota. Apa panabuka nkhani ina: Bua si gulu la zinthu monga "mtsinje", ndi mtsinje umodzi weniweni, ndiye mu OWL uyenera kulowa ngati individual, kutanthauza chinthu chimodzi pachokha. Chia, Linthipe ndi chilumba cha Mbenji nazo ndi chimodzimodzi. Ndazipatsa fayilo yawoyawo ya CSV yokhala ndi danga la TYPE.

Zida zophera nsomba ndangoziyamba. Chilimira, matchera, khoka, mbedza ndi mono zalowa, ndipo chilimira ndachilumikiza ndi usipa komanso utaka. Kauni, kupha usipa usiku ndi nyali, sindinamupezere malo chifukwa si chida koma kachitidwe, ndipo akufunika nthambi yakeyake. Nyengo zotseka nazo zikudikira, monga ya ku Mbenji komwe Mfumu Makanjira ndi anthu ake amatseka usodzi m'nyengo ya mvula. Ndikufuna kuti munthu adzathe kufunsa kuti ndi chida chiti chololedwa pamalo akuti m'mwezi wakuti, koma ndiyamba ndapeza malamulowo olembedwa kuchokera kwa alangizi a zausodzi ndisanalowetse tsiku ngakhale limodzi.

Sabata ikubwerayi ndikhala pa mayina a Chitonga. Amalume alonjeza kundiperekeza kwa anzawo a ku Dwangwa, ndipo ndasindikiza zithunzi za nsombazo papepala kuti tizikaloza imodziimodzi.