Tsiku lomwe asayimenti yanga inabwera yopakidwa mitundu

Ndinali chaka choyamba ku koleji, mwezi wa June, kuzizira kwa Mzuzu kuja kolowa mpaka m'mafupa, ndikukhala m'kachipinda ka lendi ku Luwinga. Asayimenti inali yokhudza kutha kwa nkhalango ya Chikangawa, masamba asanu, ndiye ine ndinailemba usiku umodzi pafoni nditafunda bulangete, kutsegula nkhani zinayi pa Google, apa kutapa ndime, apo kutapa ndime, kenako kusinthako timawu tiwiri titatu kuti zioneke ngati zanga basi. Zoona zake mumtima mwanga ndinali nditagwira ntchito, sindinkaona kuti ndaba kanthu ka munthu.

Patatha sabata madamu anandiitanitsa ku ofesi, anangotembenuza laputopu kundionetsa lipoti la Turnitin, pulogalamu ya pakompyuta yofufuza zokopera, pafupifupi tsamba lililonse lofiira, lobiriwira, lachikasu, pambali pakuoneka komwe ndime iliyonse inachokera. Sanakalipe ayi. Anangoti, "Tsekani pepalalo achemwali, mundiuze ndi pakamwa panu, ngakhale m'Chichewa kaya m'Chitumbuka, nkhalango ija ikutha chifukwa chiyani?" Ndinangoti kukamwa yasa. Masamba asanu, koma m'mutu mulibe olo chiganizo chimodzi changa. Mpaka lero chimandiwawa ndi chimenecho, osati malikisi.

Ndikaganiza bwino, vutoli timachoka nalo kutali. Kuyambira ku pulayimale mpaka Fomu 4 timakopera manotsi pabolodi, kuloweza, pa MSCE kukabweza ndendende mmene analembera aphunzitsi, ndipo wobweza bwino ndi amene timati ndi wanzeru. Ndiye ufike ku koleji akuuze kuti zomwezo ndi plagiarism, mutu umaima kaye. Madamu anandiuza kuti liwuli linachokera ku Chilatini, plagiarius, munthu woba anthu anzake, ndipo ine pamenepo mpomwe ndinamvetsa, wina anavutika zaka kufufuza, iwe ungonyamula mwana wakeyo n'kumupatsa dzina la kwanu.

Chomwe sindinkadziwa kwenikweni ndi choti kusintha mawu sikukuchotsera mlandu. Ganizo likakhala la mwini, umutchule mwiniyo ngakhale walilemba m'mawu akoako. Manambalanso chimodzimodzi, ine ndinangolemba kuti Chikangawa ndi mahekitala pafupifupi 53,000 ngati ndinakayeza ndekha ndi chingwe, osanena komwe ndazitenga. Ife timagwiritsa ntchito APA, njira yotchulira komwe watenga zomwe walemba, buku lake lachisanu ndi chiwiri linatuluka mu 2019, m'kati mwa ndime umaika dzina la wolemba ndi chaka, ukatenga mawu ake enieni uwaike m'zizindikiro za mawu ogwidwa ndi nambala ya tsamba, kumapeto mndandanda wonse wa komwe watenga. Olo kupereka asayimenti yako yakale m'kosi ina osanena, nakonso n'kulakwa, izi anzanga ambiri amatsutsa mpaka pano.

Ndipo musamati ndi za ana asukulu okha, nduna ya zachitetezo ku Germany, Karl-Theodor zu Guttenberg, inatula pansi udindo mu 2011 yunivesite ya Bayreuth itailanda digiri ya udokotala chifukwa chokopera. Pano kwabweranso ChatGPT, pulogalamu yomwe imakulembera zomwe waipempha, kuyambira 2022, anzanga ena akuti poti Turnitin siikuonetsa zofiira ndiye kuti zili bwino, koma ine ndimawafunsa funso la madamu lija, atakutsekera pepala ungafotokoze?

Anandipatsa mwayi wolembanso, masabata awiri. Ulendo uno ndinagula kope lapadera, ndisanalembe notsi iliyonse ndimayamba ndalemba pamwamba dzina la wolemba, chaka ndi tsamba, chifukwa kukopera kwambiri kumabwera pomwe waiwala kuti chiganizo ichi unachitenga kuti. Ndikawerenga ndimatseka buku, kumufotokozera mnzanga wa m'chipinda m'Chichewa uku tikuphika nsima pambaula, akamva ndiye ndikalembe m'Chingerezi changa chomwechi. Zimadya nthawi, nanga sinanga, koma zimakhala m'mutu.

Mu pepala lachiwirilo ndinaikamo ndime ya zomwe ndimaona ndekha ndikakwera basi pa M1 popita kwathu ku Mzimba, zitsa zakuda za moto mbali zonse, matabwa ataunjikidwa m'mbali mwa msewu kudikira malole. Ndinkaopa kuti mwina si za sukulu zimenezo. Pepala litabwera, ndime yomweyo ndi imene madamu anaidula mzere kunsi, pambali analemba ndi bolopeni yofiira kuti ndiwonjezere pamenepa.