Kuzungulira madamu a pa phiri la Zomba: chenjerani ndi nkhungu

Wosokera pa phiri la Zomba nthawi zambiri sasokera pa chitunda, amasokera pamalo a see. Zimachitika chonchi. Mwachoka pa Emperor's View, malo oonerapo chigwa, cha m'ma 12 koloko kuli dzuwa, mukulowera ku damu la Chagwa. Mphepo yozizira ya chiperoni yayamba kuwomba kuchokera kummwera, ndipo mphindi khumi zisanathe mtengo womwe unali patsogolo panu sukuonekanso. Mwafika pa mphambano. Misewu yonse ndi ya dothi lofiira, yonse ili ndi mapazi a matayala, chifukwa ambiri mwa iyo anailambula ndi odula mitengo ya paini, ndipo imakathera pa zitsa ndi mulu wa utuchi. Mapu a pa foni saidziwa. Apa anthu amasankha msewu wooneka waukulu, n'kutaya maola awiri.

Chochita n'kuima. Valani juzi thukuta lisanazizire pathupi, bwererani pamalo omwe mukuwadziwa, mudikire. Mukamva phokoso la macheka kapena mwakumana ndi amayi osenza nkhuni, funsani kuti, "Zikomo amayi, njira ya ku hotela ya Ku Chawe ndi iti?" Iwowa amatsika tsiku ndi tsiku. Musadule m'tchire potsata kutsetsereka, poti m'mphepete mwa phirili muli maphompho.

N'chifukwa chake ndimati yambani ndi kumtunda, madamu pambuyo. Nyamukani pa Ku Chawe 7 koloko isanakwane. Kumeneko mukhoza kufika pa galimoto kapena njinga yamoto kuchokera m'tauni. Njira ya Potato Path, yokwerera phirili wapansi kuchokera m'tauni, ndi yabwino, koma idzakudyerani mawondo ulendo weniweni usanayambe. Pa Emperor's View, pomwe anatcha dzinali pokumbukira ulendo wa mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965, kukayera mumaona phiri la Mulanje ndi nyanja ya Chilwa, ija yopanda mtsinje wotulutsa madzi, yomwe inaumapo mu 1995. Queen's View ili pafupi pomwepo. Mu Seputembala ndi Okutobala musayembekeze zambiri, utsi wa moto wolusa umaphimba chigwa chonse.

Pobwerera dzerani ku Chagwa, mathithi a Williams, n'kumalizira ku damu la Mulunguzi, lomwe limamwetsa mzinda wa Zomba. Werengerani maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Madzi akumwa malita awiri munthu mmodzi, jekete ya mvula ngakhale mu Juni, tochi, ndi nsapato za mapazi okakala. Masamba a paini ouma amaterera kuposa matope, ndipo miyala ya pa mathithi ili ndi ndere. Chakudya chikhale m'chikwama, anyani a kuno alibe manyazi.

Wokulondolerani njira mumupeza pa Ku Chawe pomwepo. Gwirizanani mtengo ndi malo okafika musananyamuke, apo ayi mudzakangana pobwera. Ogulitsa masitiroberi nawo amayambira pamwamba akaona chikwama chakumbuyo, nenererani.

Chondiwawa n'chakuti nkhalango ikutha. Malo ambiri omwe kale munkayenda mumthunzi lero ndi zitsa zokhazokha, ndipo zikwangwani zolozera njira n'zowerengeka. Ndiye chipewa musaiwale, ndipo mu Juni ndi Julaye mukhale mutafika pa Mulunguzi 4 koloko isanakwane, chifukwa ikangopitirira 5 mdima sumachedwa.