Kabudula wanga anatsala ku Kobonqaba

Ine ndinabadwira m'mbali mwa Chia ku Nkhotakota, ndipo ndisanabwere ku Joni kuno ndinapalasa kabaza zaka 7 pa boma paja. Ndanyamulapo matumba awiri a mpunga, pamwamba pake mayi wobereka mwana, pa kaliyala imodzi. Ndiye tsiku lomwe abwana anga a mumzinda wa East London kuno ku Joni, omwe ndimawasamalira maluwa, anandifunsa ngati ndimatha kupalasa njinga ndi kusambira, ndinaseka mpaka kutsamira khasu. Kufunsa mwana wa kunyanja za madzi?

"Bwana, ine njinga ndi munda wanga, madzi ndi kwathu."

Mnzawo wina anali atadwala ndipo njinga yake inalibe wokwera. Ulendo unali wa ku Wild Coast, gombe la dera lomwe kale linkatchedwa Transkei, kwa anthu olankhula Chixhosa. Kumeneko kulibe msewu wotsata gombe. Umapalasa pamchenga, kukwera timapiri ta udzu m'tinjira ta ng'ombe, kutsika, kenako kuwoloka mtsinje pomwe ukuthira m'nyanja yamchere. Ukawoloka umodzi, wina ukukudikira kutsogolo.

Njingayo nditaiona ndinakhumudwa. Kaliyala palibe, belu palibe, madigadi palibe, chishalo chake chowonda ngati usipa wouma. Ndinaganiza kuti mwini wake anagula ya ndalama zochepa. Atanditchulira mtengo wake ndinachotsa dzanja pa handulo. Ndalama imeneyo kumudzi ndikanamanga nyumba ya malata, n'kutsalako ya mbuzi zinayi.

Anandipatsanso chisoti chobooka-booka pamwamba, nsapato zokhala ndi kachitsulo kunsi komwe kamaluma pedulo, ndi kabudula wakuda wothina wokhala ndi siponji m'kati. Anandilangiza kuti kabudula ameneyu savalira china chilichonse m'kati, kuopa kunyuka. Ndinamvera. Koma siponjiyo mbali yake yaikulu ndinailozetsa kutsogolo, poganiza kuti azungu anaganiza bwino, munthu ukagwa chuma cha banja chitetezeke. Palibe anandiuza kanthu mpaka tili pakati pa mtsinje wa Kei, pa chombo chathyathyathya chija chimawolotsa magalimoto ndi anthu ku Kei Mouth. Mmodzi mwa anzawo a abwana anandiyang'ana, nayang'ana kumwamba, mapewa akugwedezeka. Ndinakatembenuzira kuseri kwa tchire tsidya linalo.

Tisananyamuke abwana anatulutsa foni n'kuyamba kuwerenga nthawi ya madzi. Akuti nyanja iyi imaphwa ndi kudzaza kawiri pa tsiku, maola ngati 6 ikupita, maola ngati 6 ikubwera, ndipo mwezi ukakhala wathunthu monga unalili sabata imeneyo imadzaza kwambiri. Tiyenera kufika pa mtsinje wa Kobonqaba madzi asanabwerere. Ndinangogwedeza mutu mwaulemu, koma mumtima ndinati, madzi anayamba liti kuyendera wotchi? Kwathu nyanja imakwera mvula ikatha, n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka dzinja lina. Kamodzi pa chaka, ngati nyanja yolongosoka.

Poyamba zinayenda bwino, ndisaname. Mchenga wonyowa womwe madzi angochokapo ndi wolimba ngati tala, ndipo njinga ija inkauluka. Pa zitunda ndinkawadutsa azunguwo ndikuimba mluzu, iwo akupuma ngati ng'ombe za ngolo. Ndinkangoona nyumba zozungulira zopaka mitundu m'mapiri, ana akukuwa "Molo!", inenso "Molo!" ngati mbadwa.

Kenako tinapeza ng'ombe. Kumeneko ng'ombe zimagona pagombe penipeni, pamchenga, kuyang'ana mafunde ngati alendo a ku Senga Bay, chosowa ndi magalasi akuda okha. Nkhunzi ina inagona pomwe ndimafuna kudutsa. Ndinagwira mabuleki, njinga inaima nji, ndinati ndiponde pansi. Phazi lakana. Linalo lakananso. Nsapato zija zaluma. Munthu wa zaka 7 za kabaza ndinapendekeka pang'onopang'ono, maso ali gwa pa nkhunzi, mpaka khu! pamchenga, njinga ili pakati pa miyendo. Nkhunziyo sinasiye n'kubzikula komwe. Apa m'pamene abwana anakumbukira kundiuza kuti chidendene umachipotolera kunja.

Titadutsa mtsinje wa Qolora tinafika pomwe pali zotsala za sitima ya Jacaranda, yomwe inatsakamira pagombe mu 1971. Zitsulo zadzimbiri zokhazokha. Anzanga ankajambula zithunzi, ine ndinkawerengera mbaula zomwe amisiri a kwathu akanasula pamenepo. Tikunyamuka, tayala lakumbuyo linayamba kulavula madzi oyera ngati mkaka.

"Pitani bwana, ndikupezani. Izi ndiye ntchito zanga."

Anandiuza kanthu kena mphepo ikuwomba, ine ndinangokupiza dzanja. Ndinagwetsa njinga chagada, kuchotsa tayala, kulisenda mbali imodzi kuti nditulutse chubu ndimate. Chubu mulibe. Ndinapisa dzanja kuzungulira tayala lonse kawiri. Mulibe! Ndinayang'ana m'mbuyo pamchenga ngati mwina yagwa m'njira. Kunabwera kamnyamata kobusa ng'ombe, kosafika zaka 12, kanandiyang'ana nthawi yaitali. Kanandilozera ndi manja kuti mkakawo ndiwo umatseka bowo wokha, ndikanangozunguza tayala n'kupopa. Tsono ine ndinali nditautaya wonse. Mwamwayi m'kachikwama ka pansi pa chishalo munali chubu yapadera, kamnyamatako ndi komwe kanaipeza. Ndinakapatsa masikono anga onse kuti nkhaniyi isafike kwa makolo ake.

Pomwe ndinkafika pa Kobonqaba dzuwa linali litapendeka. Mapazi a matayala a anzanga ankalowa m'madzi pamalo pomwe mwachionekere anawoloka madzi ali m'mawondo. Tsopano panali chimtsinje. Ndipo chomwe chinandiimitsa mutu, madziwo ankayenda chobwerera, kuchoka kunyanja kupita kumtunda. Mtsinje wokwera phiri! Kwathu zimenezi akazimva akulu amaitanitsa msonkhano kwa amfumu.

Tsidya lija, patali, abwana ankakupiza manja onse awiri. Ndinamva pambuyo pake kuti ankati ndidikire, pali bambo wa bwato amene amawolotsa anthu madzi akadzaza. Ine ndinaona ngati akundichemerera.

Ndinaganiza mwanzeru za kunyanja. Siponji ikanyowa siuma msanga, ndipo kutsogolo kunali ulendo. Ndinayang'ana uku ndi uku, kulibe munthu. Ndinavula kabudula, kumukoleka pa handulo, kusenza njinga pamutu monga timachitira ndi mtolo wa nkhuni, n'kulowa.

Kuzizira kwake, abale, nyanja ya kwathu ndi tiyi. Madzi m'mawondo, m'chiuno, pachifuwa. Mchenga pansi ukuthawa kumapazi ngati wina akukoka mphasa. Ndili pakatikati ndinakumbukira zomwe anzawo a abwana ankakamba usiku, kuti kuli shaki ina yotchedwa Zambezi yomwe imakonda kulowa m'mathiriro a mitsinje. Usikuwo ndinaseka kuti imeneyo ndi ya kwathu, tikamvana chinenero. Ndikukumbukira choncho, chinthu choterera chinandikhudza pantchafu.

Mwina unali udzu wa m'nyanja. Sindinafunse. Ndinakuwa dzina la mayi anga, n'kudumpha, njinga inagwedezeka pamutu, ndipo ndinaona kabudula akutsika pa handulo mwaulemu, n'kutera pamadzi. Siponji ija imayandama bwino kwabasi. Ananyamuka ulendo wa kumtunda ngati bakha. Dzanja limodzi likanamugwira, koma dzanja lomwelo linagwira nyumba ya malata ndi mbuzi zinayi. Ndinamuperekeza ndi maso.

Madzi anandikankha chammbali, ndikuponda pansi mwa apo ndi apo, kumwa mchere, njinga ili m'mwamba ngati chikho cha mpira. Ndinakatulukira kumtunda ndithu kwa pomwe panali abwana, kuseri kwa miyala. Ndinaika njinga pansi youma bwinobwino, ndinapuma, ndinatukula maso. Amayi asanu, matumba a nkhono za m'nyanja pamutu, akuchokera kokazula m'miyala. Tinayang'anana. Ine jezi yothina yolekeza pamchombo, nsapato, chisoti. Basi.

"Tyhini!" anatero wamkulu wawo.

Ndinavula chisoti msangamsanga n'kubisa pofunika. Chisoti chija, mukumbuke, ndi chobooka-booka. Ndinati "Molo, mama" ndi mawu a munthu wofuna ngongole. Wina anatula thumba pansi kuti aseke bwino. Gogo uja sanaseke. Anamasula nsalu yomwe anamanga pamwamba pa siketi, nandiponyera nkhope atatembenuzira kunyanja, akulankhula Chixhosa chothamanga chomwe sindinamve liwu ndi limodzi lomwe, koma ndinadziwa kuti akunena za amene anandilera.

Ndikumanga nsaluyo, bambo wa bwato uja anatulukira akupalasa mosadandaula, kudzanditenga tsidya lomwe ndinachoka.

Mtunda wotsala kukafika ku mtsinje wa Nxaxo ndinaupalasa choimirira, chifukwa chishalo cha usipa chija popanda siponji si chokhalira munthu wobatizidwa. Abwana ankapalasa kumbuyo kwanga, akuti kuti andithandize ndikagwa, koma ndinkamva foni ikulira tcha, tcha. Madzulo ananditumizira zithunzi, ine mwa kupusa kwanga ndinatumiza chimodzi kwa mayi a kunyumba ku Nkhotakota, choonetsa nyanja ndi njinga yodula, kuti aone kuti mwamuna wawo akutukuka.

Yankho linabwera nthawi yomweyo. Za nyanja sanafunse, za njinga sanafunse.

"Bambo a ana, nsalu mwavalayo ndi ya mkazi wa ndani?"