Kamluzu ka mu amplifaya

Lachinayi usiku, kapena lafika kale Lachisanu, sindinayang'ane nthawi. Tulo tandithawa chifukwa cha mawu a mwana yemwe ndinkamukweza panjinga kupita naye kusukulu.

Muphwa wanga, mwana wa achemwali, anatulukira masana kubaraka kwanga pamsika wa ku Ulongwe. Wabwera kudzaona amayi ake kuchokera ku Ulaya komwe akuphunzira fizikisi. Anandipeza nditaweramira amplifaya ya mpingo wina wa kumbali ya ku Domwe. Ma capacitor awiri ndinali nditasintha, potayirira ponse nditawotcherera, kung'ung'udza kwa 50 hertz kutatha. Koma ukakweza voliyumu, ngakhale maikolofoni atazulidwa, kamamveka ka "sssss" kapansipansi.

Anatchera khutu pang'ono. "Amalume, mukhoza kukachepetsa, koma kameneko sikadzatheratu."

Zaka 22 ndili pantchito imeneyi, ndipo palibe anandiuzapo pamaso pa makasitomala kuti chinthu sichingakonzeke. Ndinati iwe, zam'mabukuzo usabwere nazo kuno. Iye osakwiya, anakhala pakabenchi. Akuti resistor iliyonse, kachipangizo kochepetsa magetsi, malinga ngati ili ndi kutentha, maelekitironi ake, tinthu tosaoneka tonyamula magetsi, sakhala phee, amangonjenjemera, ndipo kunjenjemerako n'kumene sipika ikutulutsa. Asayansi Johnson ndi Nyquist anazilongosola mu 1928. Palinso phokoso lina lomwe Walter Schottky analifotokoza mu 1918 pa mavavu, onga a mawailesi akale aja, loti magetsi sayenda ngati madzi a mu Zambezi, amayenda timbewutimbewu.

Apa anatola chisononkho chomwe mayi wowotcha chimanga anasiya. "Mukakhuthula thumba lonse m'ndowa mumamva waaa, ngati chinthu chimodzi. Koma tonolani njere imodziimodzi. Ta. Ta ta. Ta. Sizigwa mofanana." Ampere imodzi, muyeso wa magetsi oyenda m'waya, ndi maelekitironi 6 wotsatana ndi maziro 18 pa sekondi, ndiye khutu lingazisiyanitse bwanji? Kantchito kake iyeyo n'komvetsera njere imodziimodzizo.

Ndinafuna kumubweza. Ndinamukumbutsa kuti ife a ku Tete magetsi timawadziwa: damu la Cahora Bassa limatulutsa ma megawatt 2,075, ndipo mawaya ochoka ku Songo amanyamula ma ampere pafupifupi 1,800 mtunda wa makilomita 1,400 mpaka kufupi ndi Johannesburg. Anaseka. Akuti iye akayeza picoampere imodzi, maelekitironi ngati 6 miliyoni pa sekondi, ndiye kuti tsiku layenda bwino. Mwana wa m'chigawo cha damu lonse lija kukathera moyo pa tinyenyeswa! Ndinaseka nanenso, koma mumtima munandiwawa, sindikudziwa chifukwa chake. Kapena ndikudziwa. Ine sukulu ndinalekezera panjira pomwe nkhondo inatithamangitsira ku Dedza.

Kachipangizo kake akukatcha single-electron transistor. Koyamba kanapangidwa mu 1987 ndi Fulton ndi Dolan ku Bell Labs. Pakati pali kachilumba ka aluminiyamu, kochepa kuposa makulidwe a tsitsi kambirimbiri, kotchingidwa uku ndi uku ndi kakhungu ka oxide, konga dzimbiri. Elekitironi imodzi ikalowa pakachilumbapo imakankha inzake, yachiwiri imadikira kufikira yoyambayo itatuluka. Ndinati ndiye ulalo wa mtengo umodzi umenewo, wa pa kamtsinje ka kwathu, woti wina akakwerapo wina amaima kutsidya. Anaomba m'manja. Akuti n'chifukwa chake phokoso la njere lija limatsika, mwina mpaka theka, poti kudikirana kumabweretsa dongosolo. Koma kuti zimenezi zioneke, amakaika mufiriji yozizira pafupifupi madigiri -273, apo ayi kutentha kumangozikankhira zonse kutsidya mwachipwirikiti. Ife kuno June akafika timadandaula chisanu cha ku Tsangano.

Chomwe chandisowetsa tulo n'chomwe ananena pomaliza, atatsitsa mawu. Phokoso lomuzunza kwenikweni si la Schottky, si la Johnson. Mu oxide muja mumakhala timisampha, malo olakwika pomwe elekitironi imodzi yosochera imakodwa, n'kumasuka, n'kukodwanso. Kachipangizoko n'komva kwambiri moti ikangosuntha imeneyo, miyeso yonse imalumpha, pakompyuta n'kumaoneka mzere wokwera ndi kutsika ngati masitepe. Akhoza kuyeza usiku wonse, mbandakucha kamsampha kamodzi n'kutembenuka, ntchito yonse n'kuyambiranso.

"Ndiye kuti waya wotayirira," ndinatero.

"Ndi womwewo, amalume. Kungoti palibe chowotcherera chingafikepo."

Tinakhala chete. Ndinamuona nkhope, watopa mwanayu, maso alowa. Achemwali amauza mudzi wonse kuti mwana wawo ali pabwino ku Ulaya, koma akugona pambali pa firiji kudikira kachilema kosaoneka kuti kakhale chete. Ndinafuna kumufunsa ngati amadya mokwanira, m'malo mwake ndinamufunsa mtengo wa firijiyo. Zopusa. Chapa, minibasi ya ku Tete, inaliza hutala, anandigwira dzanja ndi manja awiri monga anaphunzitsidwira, n'kupita.

Amplifaya ndabwera nayo kunyumba. Mayi a ana agona kalekale. Ndaiyatsa motsitsa, khutu pasipika, ndikuyesa kusiyanitsa kuti apa ndi kutentha, apa ndi njere, apa mwina ndi transistor yotopa yomwe ndikhoza kuisintha mawa. Sindikutha. Zonse zikungomveka sssss.

Akuluakulu a mpingo abwera Loweruka. Theka la ndalama ndinalandira kale, ndipo ndinawalonjeza ndi pakamwa panga kuti ikhala zii. Kodi ndikawauze za Schottky? Mkulu wa kwaya uja sangandimvere n'komwe. Mwina ndisinthe ka transistor koyambirira kaja, ndione ngati kamluzuko kangachepe.