Lipoti la ulendo wa kalasi yathu pa Ilala: za port, starboard ndi ndowa ya nkhuku

A Tcheya anati lipotili lituluke msanga anthu asanayambe kupotoza nkhani, koma zikuoneka kuti kupotozako kunayambira m'minibasi pobwerera. Nkhani ya ndowa ija yafotokozedwa kale mosiyanasiyana m'kalasi, ndipo aliyense akamaifotokoza, wolakwa amakhala mnzake. Ine ndinalipo kuyambira pamene ndowayo inkamangidwa m'chitenje mpaka pamene inavundukulidwa, choncho ndilemba zimene maso anga anaona.

Mukukumbuka kuti gwero la zonsezi ndi mutu wa maulendo apamadzi umene Madamu anatiphunzitsa m'kalasi yathu ya Chingerezi teremu yatha. Tinadzaza makope ndi bow, stern, hull, deck, anchor ndi ena otero, koma ambiri a ife kuno ku Zomba chombo chachikulu chimene tinakwerapo ndi boti la pa Kachulu lopita ku Chisi. Pa mayeso, a Sajeni analemba kuti galley ndi nyumba yoonetseramo zithunzi, pomwe ndi khitchini ya m'sitima. Tsiku limenelo Madamu anatseka buku nati mawu amenewa sadzalowa m'mitu yathu pokhapokha titakawaponda ndi mapazi. Zosonkha zinayamba sabata yomweyo.

Za msewu wa Liwonde ndi Mangochi sindichulukitsa, tinayenda bwino, tinakagona ku Monkey Bay. Lachisanu m'mawa tinali padoko, Ilala ili poteropo, anthu akukweza matumba a ufa, malata, makatoni a sopo ndi njinga. Tisanaponde pa gangway, kamlatho kokwerera kaja, Madamu anaika lamulo lakuti m'sitima muno munthu akafuna kulozera mnzake malo anene m'Chingerezi cha amalinyero, ndipo wonena kuti kumanzere kapena kumanja alipira K500. A Msungichuma anamwetulira n'kutulutsa kope lawo.

Mmodzi wa akuluakulu a m'sitimamo anatilandira bwino n'kutiyendetsa mwachidule. Anatiuza kuti Ilala inapangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow, inabwera kuno ili zidutswazidutswa, n'kulumikizidwa, ndipo inayamba kuyenda panyanjayi mu 1951. Kutalika kwake ndi mamita pafupifupi 52. Dzinali inatengera sitima yoyamba ya amishoni a Livingstonia ya mu 1875, ndipo Ilala ndi dera la ku Zambia kumene David Livingstone anamwalirira mu 1873. Anationetsa bow, kumene ndi kumphuno kwa sitima, ndi stern, kumbuyo kwake. Hull ndi thupi lenileni limene limakhala m'madzi. Bridge si mlatho ayi, ndi chipinda chapamwamba chimene kaputeni amayendetserako sitima. Berth ndi bedi la m'kabini, komanso ndi malo amene sitima imakocheza padoko. Liwiro amaliyeza ndi ma knot, ndipo knot imodzi ndi makilomita 1.852 pa ola. Sitima m'Chingerezi cha apamadzi amaitchula kuti she, ndipo ikamanyamuka amati she sails ngakhale ilibe thanga, ikuyendera injini. Tonse tinalemba, ndipo a Mlaliki anafunsa mafunso ambiri moti bamboyo anachita kukumbukira kuti ali ndi ntchito ina.

Tsono ndowa. Komiti ya zakudya inakazinga nkhuku zachikuda usiku wa Lachitatu, n'kuziika m'ndowa ya buluu ya chivundikiro, n'kuimanga m'chitenje. Popeza pamwamba pamene tinakhala panali dzuwa, a Msungichuma anakaisunga pa deck yapansi, ndiye kuti nsanja yapansi ya sitima, kuseri kwa matumba, chakumbuyo. Nthawi ya nkhomaliro itakwana anaitana Ankolo a kabaza, nawauza m'Chingerezi chosalala bwino kuti ndowa ili port side, near the stern. Ankolo anagwedeza mutu. Iwo port ankaidziwa, chifukwa ndi amene ankatikumbutsa m'kalasi kuti port ndi left onse ali ndi zilembo 4. Anatsika masitepe, natembenuka kuloza kumbuyo kwa sitima, nayenda motsata dzanja lawo lamanzere. Kumeneko anapezadi ndowa ya buluu yomangidwa m'chitenje, naisenza.

Tinakhala bwalo, mbale zili m'manja, nsima yogula ku galley ikufuka nthunzi. A Mlaliki anapemphera, ndipo mukuwadziwa, anayambira pa Nowa, nadzera kwa Yona, n'kufika kwa Paulo pa Melita. Ameni atamveka, a Msungichuma anamasula chitenje n'kuvundukula. Tomato. Ndowa yodzaza tomato mpaka pakamwa, wosanjidwa bwino, masamba a nthochi pamwamba.

Tisanayambe n'kufunsana komwe, tinamva phokoso pa masitepe. Anali mayi wina wa ku Likoma, anyamata ake awiri ali pambuyo, akufuula kuti bambo wa kapusi yofiira waba katundu wawo. Anthu anaunjikana, azungu awiri amene ankawerenga mabuku pafupi ndi bala anaimirira, ndipo Ankolo, munthu amene wakhala akunyamula anthu ndi katundu wawo pa Chinamwali zaka zonsezi osasowetsa ngakhale jumbo, anaima chilili atagwira kapusi m'manja. Apa ndiyamike a Tcheya. Anagwada pamaso pa mayiwo, nafotokoza kuti ndife ana a sukulu ngakhale ena tili ndi imvi, ndipo anatuma Sisi wa ku famasi kukatenga ndowa yeniyeni. Itafika ndowayo n'kuikidwa pambali pa inzake, mayiwo anaseka mpaka kukhala pansi, chifukwa ngakhale zitenje zake zinali za maluwa ofanana. Tinawapempha kuti adye nafe. Anavomera, ndipo dzanja lawo loyamba linatola nthutumba imene a Sajeni anali ataiyang'anitsitsa chiyambire pemphero. A Sajeni sananene kanthu, koma mpaka lero akamatchula mayiwo amati "mayi a nthutumba aja".

Mlandu weniweni unayamba alendo atapita. Ankolo anati iwo anachita zimene anauzidwa, port ndi kumanzere ndipo anapita kumanzere. A Msungichuma anati iwo ananena port, sananene kuti kumanzere kwa Ankolo. Ankolo anafunsa ngati munthu ali ndi kumanzere kuwiri. Achimwene a ku saluni analowererapo kuti vuto ndi Chingerezi chenichenicho, chifukwa port yomweyo ndi doko, ndiye munthu adziwa bwanji. Mawu anakwera ndithu, ndipo nthawi yonseyi a Msungichuma ankakangana uku akulemba timizere m'kope, kamzere kamodzi Ankolo akangoti kumanzere.

Anatilanditsa ndi mnyamata wina wogwira ntchito m'sitimamo amene ankakulunga chingwe chapafupi. Anawaimika Ankolo kuyang'ana ku bow, nawauza kuti atambasule dzanja lamanzere. Uko ndiye ku port. Kenaka anawatembenuza kuyang'ana ku stern nawafunsa kuti port yapita kuti. Ankolo anayang'ana dzanja lawo, nayang'ana mbali ya sitima, n'kukhala chete. Mnyamatayo anati n'chifukwa chake apamadzi sanena left ndi right, pakuti dzanja limatembenuka ndi mwini wake koma mbali ya sitima siisuntha. Port ndi kumanzere kwa munthu woyang'ana kutsogolo kwa sitima, starboard ndi kumanja kwake, ndipo zimakhala choncho ngakhale uyende chafutambuyo. Madamu anawonjezera kuti kalekale zombo za ku Ulaya ankaziwongolera ndi nkhafi yaikulu yomangidwa mbali ya kumanja, ndipo starboard inachokera pamenepo. Pokocheza ankagunditsa mbali inayo kudoko kuti chiwongolerocho chisaphwanyike. Mbali imeneyo inkatchedwa larboard, koma pa mphepo mawu awiriwa ankamveka mofanana, mpaka asilikali apamadzi a ku Britain analamula mu 1844 kuti azinena port.

Chigamulo changa, ndipo ndikuchilemba kuti chikhale, n'chakuti Ankolo anaphonya mbali, zimenezo n'zoona. Koma amene anagula ndowa ya buluu, mtundu umene uli m'nyumba iliyonse m'Malawi muno, osalembapo ngakhale dzina, asadziyeretse. Ndipo timizere tija tifufutidwe, munthu sangalipitsidwe chifukwa cha mawu amene wanena podziteteza pa mlandu.

Kutada Madamu anatitengera kukaona nyali za m'mbali, yofiira ku port, yobiriwira ku starboard, zimene zimathandiza oyendetsa zombo zina kudziwa usiku kumene sitima yalunjika. Ankolo anaziyang'ana nthawi yaitali kuposa tonse.

Usiku womwewo mwera unadzuka. Ogasiti ndi nyengo yake, anatichenjeza, koma kumva n'kwina. Sitima inayamba kutipeta ngati mpunga m'lichero, ndipo nkhuku zimene tinazimenyera nkhondo masana zinayamba kubwerera m'nyanja mmodzimmodzi. Achimwene a ku saluni, atakoleka mutu pa chitsulo cha m'mbali, anapezabe mphamvu yotsutsa kuti munthu sangakhale seasick panyanja ya madzi opanda mchere, payenera kukhala mawu ena. Madamu, amenenso nkhope inali itasintha, anangoti mawu ndi omwewo, apitirize. Ndiye a Sajeni anaona kuti imeneyi ndiyo nthawi yabwino yotiuza za Vipya, sitima imene inamira kumpoto kwa nyanjayi pa 30 Julaye 1946 n'kupha anthu 145. Nkhaniyo ndi yoona ndipo ndi yofunika kuidziwa, koma a Sajeni, pali nthawi yake. Sisi wa ku famasi anapita kukafunsa kumene kuli ma life jacket, ndipo anafunsa m'Chingerezi chosaphonya ngakhale liwu limodzi.

Pa Nkhotakota tinamva unyolo ukulira, nangula akutsika, ndipo amene anali maso anaphunzira drop anchor ndi weigh anchor pomwepo, kutsitsa ndi kukweza nangula. Tinaonanso momwe amatsitsira ma lifeboat kuti atenge anthu ndi katundu kugombe. Sitinadziwe kuti mawa lake ndi ife.

Ku Likoma sitima inaima patali ndi mtunda, ndipo tinatsikira m'boti, wina akulandira chikwama, wina mwana, wina thumba la chimanga. Boti litafika pafupi ndi mchenga panatsala madzi pang'ono oti munthu awoloke. Anyamata a pamenepo amabereka anthu kumsana ukawapatsa kangachepe, ndipo amayi athu onse anaberekedwa mopanda manyazi. A Tcheya anakana. Anati iwo sanaberekedweko chimwalirire agogo awo. Anapinda buluku mpaka m'mawondo, nsapato m'manja, natsika mbali imene kunali kozama. Tinangoona chipewa chikuyandama. Pamenepo Sisi wa ku famasi anaimirira m'boti n'kufuula ndi mawu onse kuti "Man overboard!", mfuu ya amalinyero munthu akagwera m'madzi. Anthu a pagombe anafa nacho chiseko, a Tcheya anavuuka madzi ali m'chifuwa, nsapato akadazigwirabe m'mwamba, ndipo Madamu, m'malo mofunsa ngati avulala, anatembenukira kwa Sisi n'kunena kuti wakhoza. Foni ya a Tcheya inagona mu mpunga usiku wonse ndipo inadzuka.

Pachilumbapo tinakaona tchalitchi chachikulu cha St Peter's cha Anglican, chimene anayamba kumanga mu 1903 pamalo otchedwa Chipyela, pamene kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Kukula kwake pa kachilumba kotere kumadabwitsa, ndipo a Mlaliki, ngakhale ndi a mpingo wina, anavula chipewa asanauzidwe. Kutsidya mapiri a Mozambique amaoneka pafupi kwambiri, pakuti Likoma ndi Chizumulu ndi za Malawi koma zazunguliridwa ndi madzi a dziko limenelo. Madzulo tinadya kondowole ndi nsomba zowotcha, ndipo a ife a chimanga tinaphunzira kuti kondowole satafuna.

Phunziro limene ine ndinalikonda linachitikira pamchenga, kwa asodzi. Madamu analoza bambo wina ali m'bwato n'kufunsa ngati akuchita row kapena paddle. Tinagawikana pakati. Yankho n'lakuti wa bwato amachita paddle, nkhafi ili m'manja mwake yosamangirira paliponse, iye akuyang'ana kumene akupita. Row ndi kupalasa ndi nkhafi zokoleka m'mbali mwa boti, zimene amati oars, wopalasayo atafulatira kumene akupita. Ife timangoti kupalasa zonsezo. Ankolo atamva za kufulatira anafunsa msanga kuti nanga port ya munthu ameneyo ili dzanja liti, ndipo anadziyankha okha molondola kuti lamanja. Tinawaombera m'manja, ngakhale a Msungichuma.

Pobwerera nyanja inali bata, ndipo palibe chochitika choti ndilembe kupatula kuti ndowa inakhala pamiyendo pa mwini wake ulendo wonse.

Zikomo Madamu chifukwa cha ganizoli ndi kupirira kwanu. Zikomo komiti ya zakudya, nkhuku zinali zokoma polowa. Zikomo amuna ndi akazi athu amene anasunga makomo, achibale a a Mlaliki amene anatipezera pogona ku Likoma, ndi dalaivala wa minibasi amene anapirira nyimbo za a Sajeni kuchokera pa Mangochi mpaka pa Domasi. Tikuthokozanso ogwira ntchito m'sitima, makamaka mnyamata wa chingwe uja, amene sitinamufunse n'dzina lomwe. Amene simunamalize zosonkha, a Msungichuma akuti kope likadali lotsegula, ndipo zithunzi zonse zili kwa Achimwene a ku saluni, kupatula za usiku wa mwera zimene akuti zinafufutika zokha.

Ankolo avomera kuti azitchedwa a Starboard, ndipo akuti alembetsa dzinali kumbuyo kwa njinga yawo. A Tcheya apempha kuti dzina lakuti a Overboard lisalowe m'kaundula wa kalasi. Komiti inakumana popanda iwo ndipo pempholo lakanidwa.