Ndinakachita kafukufuku ku CERN ndisanamalize digiri, koma transikiripiti inatsala pang'ono kunditsekera njira

Anzanga a chaka chachitatu akhala akundifunsa mmodzimmodzi kuti ulendo wanga wa ku CERN mu 2024 unatheka bwanji. Ndiyankhe onse pamodzi, chifukwa fomu ya chaka chamawa sichedwa kutuluka ndipo sindikufuna wina adzavutike ngati mmene ndinavutikira ine chifukwa cha pepala limodzi lokha.

Pulogalamuyi dzina lake ndi CERN Summer Student Programme. CERN ndi labu yaikulu ya kafukufuku wa physics, ili m'malire a Switzerland ndi France, kunja pang'ono kwa mzinda wa Geneva, ndipo inakhazikitsidwa mu 1954. N'komwe kuli Large Hadron Collider (LHC), makina ozungulira makilomita 27 pansi pa nthaka, amene amawombanitsa ma proton kuti akatswiri aone tizidutswa timene timapanga zinthu zonse. Amatenga ophunzira physics, kompyuta, uinjiniya ndi masamu amene pofika nthawi yopita akhale atamaliza zaka zitatu za kuyunivesite. Mumakhalako masabata 8 mpaka 13 pakati pa June ndi September. Malawi si membala wa CERN, koma zimenezo zisakubwezeni m'mbuyo, malo a ophunzira ochokera kumayiko omwe si mamembala alipo. Fomu ili pa intaneti, siilipiridwa, ndipo imatsekedwa kumapeto kwa January. Za kudzaza dzina ndi CV sindikuuzani, mumazidziwa kale.

Chimene ndikufuna mumvetsetse ndi transikiripiti, pepala la zotsatira za mayeso anu onse limene mumatumiza pamodzi ndi fomu. Pitani mukaitenge mu November, sukulu isanatsekere Khirisimasi.

Ine ndinapita ku ofesi yosunga zotsatira za mayeso pasukulu yathu kumayambiriro kwa January, nthawi ikadalipo yokwanira bwinobwino. Mayi wa pakauntala anayang'ana pa kompyuta n'kunena kuti sangasindikize chifukwa ndili ndi ngongole ya fizi. Ngongoleyo sinali yanga. Fizi yanga imalipiridwa ndi ondithandiza, ndipo anali atalipira kalekale, kungoti ndalamazo sizinalowetsedwe pa dzina langa. Anandiuza kuti ndipite ku akaunti. Ku akaunti anati ndibweretse umboni wochokera kubanki. Nditaubweretsa anati netiweki yavuta, ndibwere mawa. Mawa lakelo magetsi kunalibe, ndipo jenereta inalibe mafuta. Tsiku limene zonse zinayenda, ngongole yafufutidwa, pepala lasindikizidwa ndikuliona ndi maso anga lili patebulo, anandiuza kuti bwana wosayina apita ku msonkhano kunyanja, abwera Lolemba.

Tsiku limenelo silindichoka m'mutu. Ndinakhala pabenchi ya pakhonde kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndikupempha kuti wachiwiri wawo asayine. Wachiwiriyo analipo, cholembera chili m'thumba la malaya, koma anati chidindo chatsekeredwa mu kabati ndipo kiyi wapita ndi bwana. Ndinawaonetsa tsiku lotsekera fomu pafoni, ndinawafotokozera kuti anthu a ku Geneva sadikira munthu. Anandiyankha kuti, "Achimwene, ifenso tili ndi ndondomeko yathu." Ndondomeko yanji imene imalola kuti chidindo cha sukulu yonse chipite kunyanja? M'mbuyo mwanga munali mtsikana wina amene ankafuna pepala lomweli kuti akapemphere sikolashipu, ndipo iye tsiku lake lotsekera linali lomwelo. Anachoka akulira. Zinandipweteka kwambiri, ndipo zimandipwetekabe, chifukwa mwana ameneyo anakhoza mayeso ake, sanalakwitse kanthu. Timakamba tsiku ndi tsiku kuti achinyamata athu sapeza mwayi wakunja, pamene mwayi wina umafera pakhonde la ofesi zathu zomwe.

Yanga inasayinidwa fomu itatsala pang'ono kutsekedwa. Ndinaisikana pamalo ena a fotokope m'tauni n'kuitumiza usiku, intaneti ikuduladula.

Kalata yokuchitirani umboni nayonso musaichedwetse. Sankhani mphunzitsi amene anakuonani mukugwira ntchito mu labu kapena amene akuyang'anira pulojekiti yanu, osati amene ali ndi udindo waukulu koma sadziwa nkhope yanu. Mupatseni CV yanu ndi ndime yofotokoza pulogalamuyi, kenako muzimukumbutsa mwaulemu. Wanga anandilembera bwino kwambiri, ndimawathokoza mpaka lero.

Yankho linabwera cha mu April. Apa m'pamene ndinakumbukira kuti kalendala ya sukulu yathu siyenderana ndi ya ku Ulaya. Iwo amapuma miyezi imeneyo, ife tinali pakati pa semesita. Ndinalembera adini a fakote yathu ndikuphatikiza kalata ya CERN, ndipo anandilola kuti ndidzalembe mayeso ena ndikabwerako. Chilolezo chimenechi chikhale cholembedwa, chosayinidwa, cha chidindo. Cha pakamwa sichidzakuthandizani tsiku la mayeso. Kalata yomweyo imathandizanso pa viza, chifukwa imasonyeza kuti muli ndi chobwererera kumudzi.

Pa viza pali kanthu kamene ambiri sakaona. Switzerland siili mu European Union koma ili mu Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya amene mumalowamo ndi viza imodzi, ndipo viza yaifupi ya Schengen imalola masiku 90 okha. Masabata 13 ndi masiku 91. Mukasankha nthawi yaitali yonseyo ndiye kuti mwalowa mtundu wina wa viza, choncho werengani masiku anu musanavomere madeti. A ku CERN amatumiza makalata okuitanani ndipo amayankha maimelo, afunseni. Pasipoti iyenera kukhala ndi masamba awiri opanda kanthu, komanso ikhale yogwirabe ntchito miyezi itatu kuchokera tsiku limene mudzatuluke ku Schengen. Fizi ya viza inakwera pa 11 June 2024 kuchoka pa ma euro 80 kufika pa 90, koma malamulo a Schengen amachotsera fizi imeneyi ophunzira opita kukaphunzira ndi ochita kafukufuku wa sayansi. Funsani musanalipire. Ngati mafomu akulandiridwa ndi kampani ya pakati, ya ntchito yawoyo mulipira ndithu.

Kenako forex. Kwacha inali itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndiye ndalama zimene abale anasonkha zinaoneka zambiri m'manja koma zochepa pozisintha. Kubanki anafuna tikiti, viza ndi pasipoti, ndipo atazilandira anandipatsa zochepera zimene ndinapempha, akuti n'zomwe zilipo. Mu 2024 CERN inkapereka pafupifupi ma franc 90 (ndalama za ku Switzerland) patsiku, ndipo zimakwana ngati mukudziphikira, koma sizikudikirani pabwalo la ndege. Masiku oyamba mumadya zanu. Yambani kufunsa kubanki viza ikangotuluka, ndipo tengani ma euro ngati ma franc palibe, mukasintha komweko.

Ndinanyamukira pa Kamuzu International Airport kudzera ku Addis Ababa. Mu Geneva tram nambala 18 imakafika pageti penipeni pa CERN, ku Meyrin. Khadi yolowera amapangira pa building 55. Manambala a nyumba kumeneko sayenda motsatana, mukhoza kupeza nambala yaing'ono moyandikana ndi ya mazanamazana, ndiye ikani mapu awo pafoni. Misewu ya mkatimo ili ndi mayina a akatswiri, monga Route Einstein ndi Route Marie Curie. Tengani adaputa. Soketi za ku Switzerland sizilandira pulagi yathu ya mano atatu aakulu aja, ndipo za mbali ya France n'zosiyananso pang'ono.

Ndaiwala chinthu china cha pa fomu, ndibwerereko. Pali malo pamene mumafotokoza zimene mumadziwa ndi chifukwa chimene mukufunira kupita. Akatswiri amene ali ndi mapulojekiti amawerenga zimenezi posankha wophunzira woti agwire naye ntchito. Musalembe kuti mwakhala mukulota za sayansi kuyambira muli mwana. Lembani chimene munapangapo ndi manja anu. Ine ndinafotokoza kachipangizo koyezera kutentha kamene tinalumikiza ndi Arduino mu labu, mmene kanavutira, ndi mmene tinakakonzera. Amene ankandiyang'anira anadzandiuza kuti ndime imeneyo ndi imene inawakopa. Labu zathu n'zosauka, inde, koma munthu amene anazolowera kukonza chinthu chopanda sipeya ali ndi luso limene amalifuna kumeneko.

Anandiika m'gulu lina la ATLAS, chimodzi mwa zipangizo zinayi zazikulu za pa LHC pamodzi ndi CMS, ALICE ndi LHCb. ATLAS ndi CMS ndi zimene zinalengeza za kupezeka kwa kachidutswa kotchedwa Higgs boson pa 4 July 2012, ndipo Peter Higgs, katswiri amene analosera za kachidutswaka, anamwalira mu April 2024, ife tisanafike. ATLAS ndi yaitali mamita 46 ndipo imalemera matani 7,000, koma musayembekezere kuti muzikaigwira tsiku ndi tsiku. Makina akamayenda palibe amene amatsikira pansipo chifukwa cha radiation. Ntchito yanga inali ya pa kompyuta, kusanthula data ndi Python komanso ROOT, pulogalamu imene inapangidwa ku CERN komweko. Phunzirani Linux ndi Git musanapite. Sizifuna ndalama, laputopu yakale ikwana. M'mawa wa masabata a July tinkamvera maphunziro mu holo yaikulu, masana aliyense ku gulu lake, ndipo pamapeto mumalemba lipoti.

Chimene chinandivuta kuposa masamu chinali kuyankhula. Kwathu mphunzitsi akamafotokoza umakhala chete, ndiwo ulemu. Kumeneko ukakhala chete amaganiza kuti wamva ndipo amapitirira. Ondiyang'anira, munthu wa imvi amene wagwira ntchitoyi zaka zambiri, anakana kuti ndiziwatchula kuti pulofesa, anafuna dzina lawo loyamba. Pakamwa panga pankalemera. Pa msonkhano wa gulu ndinaona wophunzira mnzanga akuuza mkulu wa gululo kuti graph yake ili ndi vuto, ndipo mkuluyo anayang'anitsitsa n'kuvomera, n'kuthokoza. Ndinamvanso akuluakulu akunena poyera kuti sakudziwa yankho, tifufuze limodzi. Zimenezi ndinazikonda ndi mtima wonse ndipo ndikufuna zitafika m'makalasi athu, chifukwa sayansi siyenda ngati wamng'ono akuopa kunena kuti nambala yalakwika. Inu mukapita funsani msanga. Mukakakamira pa vuto theka la tsiku, gogodani pachitseko. Msonkhano wa 9 koloko umayamba 9 koloko.

Sikuti zonse za kumeneko n'zabwino kuposa zathu. Munthu amatha kulowa mu ofesi n'kuyamba nkhani ya ntchito osafunsa kuti mwadzuka bwanji, ndipo masabata oyamba ndinkamva ngati palibe amene akundiona. Ndinapitiriza kupereka moni wathu wautali, ndipo mnzanga wa mu ofesi anayamba kundifunsa za kunyumba m'mawa uliwonse. M'sitolo ndi mu basi nenani "Bonjour" musananene china chilichonse, amazitenga kwambiri. Malo enieni ophunzirira za anthu ndi Restaurant 1, pamene ophunzira pafupifupi 300 a pulogalamuyi amasakanikirana ndi akatswiri. Ndinadyapo tebulo limodzi ndi mnyamata wa ku India ndi mtsikana wa ku Pakistan akuthandizana code. Ambiri sankadziwa kumene Malawi ali. Ndinkayambira pa nyanja, kuti ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko, ndipo nkhani inkayenda kuchokera pamenepo. Musadzitsekere m'chipinda ndi foni madzulo. Dzuwa limalowa 9 koloko itadutsa, nthawi yocheza ilipo yambiri.

Zakudya ku Geneva n'zodula. Ambiri amakagula mbali ya France, ku Saint-Genis-Pouilly, komwe mumalipira ma euro ndipo zimatsikako. Yendani ndi pasipoti chifukwa mukudutsa malire ngakhale simukuona wokuimitsani. Lamlungu masitolo ambiri amakhala otseka, kupatula a pabwalo la ndege ndi pa siteshoni ya sitima ya Cornavin, choncho gulani Loweruka. Ufa woyera umapezeka m'masitolo a anthu a ku Africa m'tauni, ndipo ukasowa ufa wa polenta umaphika nsima, yachikasu koma yokhutitsa.

Pobwerera pemphani kalata yosonyeza kuti munamaliza pulogalamuyi, ndipo sungani lipoti lanu, mudzazifuna popempha malo a masters. Pa masters pomwepo adzafunanso transikiripiti, ndiye ndibwereze. Pitani ku akaunti mwezi uno, musanapite n'komwe ku ofesi ya zotsatira, mukapemphe sitetimenti ya fizi yanu yosindikizidwa ndi kudindidwa. Ngati pali ngongole imene si yanu, imenyereni panopa pamene palibe tsiku lokuthamangitsani. Mukalandira transikiripiti onetsetsani kuti dzina lalembedwa ngati mmene lilili mu pasipoti, kuti semesita iliyonse ilipo, ndipo chidindo chikuwerengeka. Pemphani makope awiri osayinidwa, sikanani tsiku lomwelo, mudzitumizire pa imelo. Ndipo funsani pakauntala kuti wosayina adzakhalapo liti, musanalipire ndalama ya minibasi.